Pupa sidya, nanga gulugufe amamangidwa ndi chiyani?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina ku Kasungu. Mwana wa Fomu 3 anandifunsa kuti, mbozi ya ntchemberezandonda ikalowa m'dothi n'kusanduka pupa imatha sabata yonse osadya, koma potuluka imakhala gulugufe wamapiko, ndipo wamkazi sachedwa kuikira mazira. Zomangira zonsezi zimachokera kuti? Ndinamuyankha kuti ndi mafuta, koma mtima wanga sunakhazikike. Buku lina lomwe ndili nalo likuti mahomoni awiri ndiwo amalamula zonse, ina imayatsa, ina imazimitsa. Kodi ndi zoona? Nanga mankhwala ophera mbozi angagwire pamenepa?

Yankho: Aphunzitsi, mtima wanu unachita bwino kusakhazikika. Mafuta alipodi, ndipo ndi amene amapatsa pupa mphamvu masiku onse amene ili chigonere m'dothi. Koma m'mafuta mulibe nayitirojeni, pomwe minofu youlukira, khungu latsopano ndi dzira zonse zimamangidwa ndi mapuloteni, ndipo puloteni popanda nayitirojeni sipangika. Ndiye kuti mbozi imayenera kusungiratu mapuloteni isanatseke pakamwa. Mmene imasungira, komanso chimene chimaiuza nthawi yoyamba ndi yoleka, ndi nkhani imene ndimaikonda kwambiri pa maphunziro onse a tizilombo, kotero mundilole nditambasule.

Tiyambe ndi zimene alimi amaziona. Ntchemberezandonda zimene zinavuta mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28 mu Disembala 2017, zomwe dzina lake lasayansi ndi Spodoptera frugiperda, zimadutsa misinkhu 6, ndipo pakati pa msinkhu uliwonse ndi unzake mbozi imafundula khungu. Mwa masamba onse amene mbozi imodzi idzadye pa moyo wake, pafupifupi 77 pa 100 alionse imadya pa msinkhu womaliza wokha. N'chifukwa chake munda umaoneka bwinobwino Lolemba, pofika Lachisanu masamba ali mbwee ngati aphwanyidwa ndi matalala. Kudya kwa masiku omalizawo si umbombo chabe. Mboziyo ikukolola. Gulugufe wa ntchemberezandonda amamwa timadzi ta m'maluwa, koma timadzito kwenikweni ndi shuga ndi madzi. Diane O'Brien ndi anzake anasonyeza mu 2002, pa gulugufe wina wa ku America, kuti ma-amino asidi (tizidutswa timene timalumikizana kupanga mapuloteni) amene thupi silingathe kupanga lokha, omwe amapezeka m'mazira, amachokera ku masamba amene mayiyo anadya adakali mbozi. Agulugufe ena ndiye sadya n'komwe. Wa mbozi ya silika, Bombyx mori, amabadwa ndi pakamwa posagwira ntchito, chimodzimodzinso gulugufe wamkulu wa Gonimbrasia belina, mbozi yodyedwa ija ya m'mitengo ya tsanya. Dzira lililonse limene iwo amaikira ndi tsamba lakale.

Mukang'amba mbozi yaikulu, mudzaona tinthu toyera kapena tachikasu tokhala ngati nsanza zopyapyala titakuta matumbo ndi kuyala pansi pa khungu. Chimenecho ndi chiwalo cha mafuta, fat body m'mabuku anu. Dzinalo limachichepetsa, chifukwa chimagwira ntchito yomwe mwa ife imagwiridwa ndi chiwindi ndi mafuta pamodzi. Maselo ake amatenga ma-amino asidi ochokera m'matumbo n'kuwalumikiza kukhala mapuloteni akuluakulu otchedwa hexamerin. Dzinali likuchokera pa mawu achigiriki otanthauza zigawo 6, pakuti puloteni iliyonse ndi mitolo 6 yomangidwa pamodzi, mtolo uliwonse wolemera makilodalitoni (muyezo wa kulemera kwa mapuloteni) pakati pa 70 ndi 85, yonse pamodzi pafupifupi 500. Kukula kumeneku kuli ndi phindu. Ma-amino asidi akanangosiyidwa paokhapaokha m'magazi akanakoka madzi ochuluka n'kusokoneza thupi, koma akamangidwa mitolo ikuluikulu, chuma chambiri chimakhala malo ochepa mwabata.

Chodabwitsa ndi njira imene mapuloteniwa amayenda. Chiwalo cha mafuta chikawapanga sichiwasunga nthawi yomweyo. Chimawathira m'magazi, ndipo amaunjikana mmenemo mpaka kumapeto kwa msinkhu womaliza amakhala oposa theka la mapuloteni onse a m'magazi, mwa mbozi zina kufika pa 80 pa 100. Kenako, mbozi ikaleka kudya n'kuyamba kusaka pobisala, chiwalo chomwecho chimatembenuka n'kuyamba kuwameza kuchoka m'magazi, n'kuwapanikiza kukhala timibulu m'kati mwa maselo. Ana anu a ku Kasungu adzamva msanga mukawauza kuti magazi ndi mkukwe, timibulu tija ndiye nkhokwe. Chimanga chimayamba chaima pa mkukwe kumunda, tsiku lotuta likakwana chimalowa m'nkhokwe. Mafunso a mahomoni ndiye alipo atatu: ndani amalola kuti kudula, ndiye kuti kupanga mapuloteniwa, kuyambe, ndani amaleketsa, ndani amatsegula nkhokwe. Buku lanu laphatikiza mafunso atatuwa kukhala limodzi.

Mapuloteni osungidwawa sali mtundu umodzi, ndipo apa m'pamene pagona yankho. Mtundu woyamba ndi arylphorin, dzina limene William Telfer ndi anzake anapereka mu 1983. Uli ndi ma-amino asidi otchedwa tyrosine ndi phenylalanine ambiri, kuposa 15 pa 100. Tyrosine ndi amene amaumitsa ndi kudetsa khungu latsopano mbozi ikafundula, ndipo pupa imaoneka yofiirira ndi yolimba chifukwa cha iye. Mtundu wachiwiri uli ndi methionine wambiri, amino asidi wokhala ndi sulufule. Mwa mbozi ya silika, puloteni yotchedwa SP1 ili ndi methionine pafupifupi 11 pa 100. Sulufule amafunika kwambiri popanga mazira ndi zigoba zake. Mtundu wachitatu umanyamula vitamini B2, ndipo unafufuzidwa bwino mwa gulugufe wamkulu wa ku America, Hyalophora cecropia. Mtundu uliwonse uli ndi majini ake, kutanthauza tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizo oupangira, ndipo majiniwo samvera mbuye mmodzi.

Mongodutsa, mapuloteniwa ndi abale a hemocyanin, puloteni yokhala ndi mkuwa imene imanyamula okosijeni m'magazi a nkhanu. Tizilombo tambiri titayamba kupuma kudzera m'timachubu tofika mpaka ku maselo, puloteniyo inataya pogwirira mkuwa n'kupeza ntchito yatsopano yosunga chakudya.

Tsopano mahomoni. Stefan Kopeć wa ku Poland ndiye anatsegula njira pakati pa 1917 ndi 1922. Ankamanga mbozi za Lymantria dispar ndi ulusi kapena kuzichotsa ubongo, ndipo anapeza kuti ubongo umatulutsa chinthu china m'magazi chimene popanda icho mbozi sisanduka pupa. Lero timachitcha PTTH. Mu 1940 Soichi Fukuda wa ku Japan anasonyeza pa mbozi za silika kuti lamulo lofundula limachokera ku tiziwalo ta pachifuwa totchedwa prothoracic gland, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti PTTH ndi imene imatidzutsa. Homoni ya tiziwaloti, ecdysone, anaipatula Adolf Butenandt ndi Peter Karlson mu 1954. Anagaya makilogalamu 500 a mapupa a silika kuti apeze mamiligalamu 25 okha. M'thupi ecdysone amasinthidwa kukhala 20-hydroxyecdysone, mwachidule 20E, ndipo ameneyu ndiye amagwira ntchito m'maselo. Ndidzimutcha homoni yofundulitsa. Homoni yachiwiri anaizindikira Vincent Wigglesworth wa ku England m'zaka za m'ma 1930, yochokera ku tiziwalo tiwiri ta kuseri kwa ubongo totchedwa corpora allata. Carroll Williams anaitulutsa m'mimba za agulugufe aamuna a cecropia mu 1956, ndipo Herbert Röller ndi anzake anafotokoza kapangidwe kake mu 1967. Iyi ndi juvenile hormone, JH, homoni ya ubwana. 20E amalamula kuti khungu lisinthidwe. JH ikakhalapo pa nthawiyo, khungu latsopanolo limakhalanso la mbozi. Ikasowa, thupi limalowera ku pupa.

Mbozi imene tikudziwa bwino kayendedwe ka masiku ake omaliza ndi Manduca sexta, mbozi yaikulu yodya fodya ku America. Imalowa msinkhu wachisanu, womwe ndi womaliza, ikulemera pafupifupi galamu imodzi, n'kukula kufika magalamu 10 kapena kuposerapo m'masiku ochepa. Frederik Nijhout ndi Williams anapeza mu 1974 kuti ikafika magalamu 5, corpora allata amaleka kutulutsa JH. Enzayimu yotchedwa JH esterase imasesa yotsala m'magazi. JH ikatha, ubongo umamasuka kutulutsa PTTH, ndipo kamafunde kakang'ono ka 20E kamadutsa m'thupi. Kafunde kameneka sikafundulitsa. Kamachititsa mbozi kuleka kudya, kukhuthula matumbo ndi kuyamba kuyendayenda kufuna dothi, ndiponso kamauza maselo a khungu kuti kubwerera ku ubwana kwatha. Patapita masiku angapo kumabwera funde lalikulu la 20E limene limapanga pupa, ndipo pa nthawiyi JH imabwereranso pang'ono kuti ziwalo monga mapiko ndi maso zisathamangire kukhala za gulugufe nthawi isanakwane. Mfundo yomalizayi mabuku a sekondale amaisiya kawirikawiri, koma ikuonetsa kale kuti nkhani ya kuyatsa ndi kuzimitsa njoperewera.

Tikanena kuti homoni ikulamula jini, tikutanthauza chiyani? Ana ena akamva mawu akuti majini amaganiza za mizimu, choncho ndi bwino kuwauza poyamba kuti apa tikunena kachigawo ka DNA kamene kali ndi malangizo opangira puloteni imodzi. Malangizowo amakopedwa kukhala uthenga, mRNA, ndipo uthengawo umawerengedwa popanga puloteni. Homoni ikhoza kugwira pa kukopa, ikhoza kufupikitsa kapena kutalikitsa moyo wa uthengawo, ikhozanso kusintha zimene zimachitikira puloteni itapangidwa kale. Pa mapuloteni osungidwa, njira zitatu zonsezi zinapezeka.

Umboni womveka bwino kwambiri wa mphamvu ya JH unachokera ku mbozi ya kabichi ya ku America, Trichoplusia ni, m'manja mwa Grace Jones ndi anzake ku yunivesite ya Kentucky, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuyambirira kwa m'ma 1990. Iwo anaona mapuloteni atatu amene m'magazi a mbozi zazing'ono mulibe, koma amabuka mwadzidzidzi pa msinkhu womaliza JH ikangotsika. Atapaka mbozi za msinkhu womalizawo mankhwala otsanzira JH, mapuloteni atatuwo sanaoneke, ndipo uthenga wake m'chiwalo cha mafuta unali wochepa kwambiri. Atalondola bwino anapeza kuti JH imachepetsa kukopa kwa majiniwo, komanso imakhudza kutalika kwa nthawi imene uthenga wokopedwa kale umakhala usanawonongeke. Koma m'mbozi zomwezo, arylphorin anapitiriza kupangidwa ngati palibe chachitika. Taonani, aphunzitsi: selo lomwelo, homoni yomweyo, majini apachibale, koma atatu atsekedwa pakamwa, mmodzi akulankhulabe.

Alimi a njuchi amadziwa mbozi imene imaboola zisa ndi kudya phula m'ming'oma yofooka, Galleria mellonella. Gulu la A. Krishna Kumaran ku yunivesite ya Marquette linapeza chithunzi chomwecho mwa iyo. Puloteni yotchedwa LHP76, yomwe ndi arylphorin, imapangidwa pa misinkhu ingapo, pomwe LHP82 imadikira msinkhu womaliza ndipo JH imaitsekereza. Mitundu iwiri ya mbozi yosiyana kwambiri zakudya ndi makhalidwe ikapereka yankho limodzi chonchi, timayamba kulikhulupirira.

Nzeru yake ine ndimaiona motere. Mbozi imafuna tyrosine nthawi iliyonse ikafundula, choncho jini ya arylphorin singadikire mapeto. Koma methionine wa mazira ndi katundu wa pupa ndi gulugufe. Mbozi yaing'ono ikanayamba kumuunjika msanga ikanachedwetsa kukula kwake, n'kukhala masiku ambiri pa tsamba pamene mbalame ndi mavu zikuisaka. JH ndiye ili ngati mkulu wa pakhomo amene amaletsa kuika chimanga cha mbewu padera ana asanakhute. Tsiku limene iye wachoka, majini aja amayamba ntchito mwamphamvu. Onani kuti pamenepa chimene chayatsa majini si kubwera kwa homoni, koma kuchoka kwake.

Nanga arylphorin amamvera ndani? Bruce Webb ndi Lynn Riddiford anayankha funsoli mu 1988 pa Manduca. Uthenga wa arylphorin umachuluka mbozi ikamadya, umatsika pa nthawi yofundula pamene 20E wakwera, ndipo umabwereranso mbozi ikayamba kudya pa msinkhu wotsatira. Mboziyo mukaimana chakudya, kupangidwa kwa arylphorin kumagwa. Pa jini imeneyi, tsamba limene lili m'matumbo lili ndi mawu aakulu kuposa JH. Mu kafukufuku yemweyo, puloteni ina ya methionine, imene imachuluka kwambiri mwa zazikazi, inaoneka pa msinkhu wachisanu wokha JH itatsika, monga mwa mbozi ya kabichi ija. Buku limene likutchula mahomoni awiri okha laiwala chakudya, ndipo ine ndimati limeneli ndiye vuto lake lalikulu, chifukwa chakudya ndi chimenenso chimafikitsa mbozi pa magalamu 5 aja amene amaleketsa JH.

Homoni yofundulitsa ili ndi ntchito ziwiri pa nkhaniyi, ndipo yachiwiri ndi yosangalatsa kuposa yoyamba. Yoyamba ndi kuleketsa: 20E akakwera kumapeto kwa msinkhu womaliza, uthenga wa mapuloteni osungidwa umazimiririka mwa mbozi zambiri. Yachiwiri ndi kutsegula nkhokwe. Puloteni ya makilodalitoni 500 singalowe m'selo mwachisawawa. Pamafunika cholandirira pa khungu la selo chimene chimaigwira n'kuikokera m'kati. Shunji Natori ndi anzake ku Tokyo anasonyeza m'zaka za m'ma 1980, pa mphutsi za ntchentche yotchedwa Sarcophaga peregrina, kuti cholandiriracho chimakhalapo kale koma chili chogona, ndipo 20E ndiye amachidzutsa. Gulu la Aparna Dutta-Gupta ku yunivesite ya Hyderabad ku India linalondola nkhani yomweyi mwa Corcyra cephalonica, mbozi yowononga mpunga ndi mbewu zina zosungidwa, ndipo linapeza kuti 20E amafulumizitsa kumeza kwa hexamerin pomatitsa fosifeti pa cholandiriracho. Imeneyi ndi njira yachidule, yosadikira kuti jini yatsopano ikopedwe. Mbozi ili ndi masiku owerengeka pakati pa kuleka kudya ndi kuuma khungu, ndipo kututa sikungachedwe.

Gulu lomwelo la ku Hyderabad linapezanso chinthu chimene chimatiletsa kupanga lamulo limodzi la mbozi zonse. Mwa mbozi ya mpunga ija, 20E amakweza kukopa kwa jini ya arylphorin. Mwa Manduca tinaona uthengawo ukutsika 20E akakwera. Zimenezi sizikutsutsana monga zikumvekera. Kamlingo kochepa ka homoni kokhalitsa ndi funde lalikulu la tsiku limodzi ndi mauthenga awiri osiyana kwa selo, ndipo zimatengeranso ngati JH ilipo pa nthawiyo. Ndiponso mitundu ya mbozi inapatukana kalekale, ndipo uliwonse unakonza kachigawo ka DNA kolamula jiniyo mogwirizana ndi moyo wake.

Ngakhale chiwalo cha mafutacho sichifanana paliponse. Norbert Haunerland ku yunivesite ya Simon Fraser ku Canada anaona mwa Helicoverpa zea, mbale wake wa mbozi imene imaboola thonje, tomato ndi nandolo kwathu kuno, kuti mafuta a pansi pa khungu ndiwo amapanga mapuloteni, pomwe mafuta ena amene amakula mochedwa mozungulira matumbo ndiwo amawameza ndi kuwasunga mpaka m'pupa. Mboziyi ili ndi puloteni ina yamtundu wa buluu m'magazi, kotero mafuta osungawo amasanduka abuluu ndipo munthu amaona ndi maso kumene katundu wapita. Si mapuloteni onse amene amalowa m'nkhokwe mofanana. A methionine amamezedwa msanga pafupifupi onse, pomwe gawo la arylphorin limatsala m'magazi a pupa, pafupi ndi khungu limene lidzamufune.

Pali dzanja linanso limene si homoni konse. Mwa mbozi ya silika, Sumio Tojo ndi anzake anafotokoza mapuloteni awiri, SP1 ndi SP2, mu 1980. SP2 ndi arylphorin ndipo amapezeka mwa zazimuna ndi zazikazi zomwe. SP1 amapezeka mwa zonse mpaka msinkhu wachinayi, koma pa wachisanu amachuluka mwa zazikazi zokha. Munthu angaganize kuti pali homoni ya chikazi monga mwa ife, koma ayi. Mwa tizilombo totere selo lililonse limadzidziwa lokha ngati ndi lachimuna kapena lachikazi, kudzera mu jini yotchedwa doublesex, imene uthenga wake umadulidwa mosiyana mwa amuna ndi akazi. Masataka Suzuki ndi anzake anaika mtundu wachikazi wa jiniyi mwa mbozi zazimuna mu 2003, ndipo chiwalo chawo cha mafuta chinayamba kukopa jini ya SP1 pamodzi ndi ya vitellogenin, puloteni ya chikasu cha dzira. Kuti SP1 apangidwe mochuluka pa msinkhu womaliza, ndiye kuti pafunika nthawi yoyenera, chakudya chokwanira, ndi selo lachikazi, zonse pamodzi.

Mmene mahomoniwa amafikira pa DNA tsopano tikudziwa bwino kuposa mmene ankadziwira ofufuza a m'ma 1980. 20E amalowa m'selo n'kugwirana ndi mapuloteni awiri, EcR ndi USP, ndipo awiriwa amakhala pa DNA n'kudzutsa majini oyamba ochepa amene nawo amadzutsa kapena kutseka ena mazanamazana. Cholandirira cha JH chinavuta kwa zaka zambiri. Thomas Wilson anapeza mu 1986 tintchentche ta Drosophila tosafa ndi mankhwala otsanzira JH otchedwa methoprene, ndipo jini imene inali yowonongeka mwa ito anaitcha Methoprene-tolerant, mwachidule Met. Panapita zaka 25 kuti zitsimikizike, mu 2011, kuti puloteni ya Met ndiyo imagwira JH yeniyeniyo. Met ikagwira JH imadzutsa jini yotchedwa Kr-h1, ndipo puloteni ya Kr-h1 ndi yotsekereza: imakhala pa majini oyambitsa kusandulika monga broad ndi E93 n'kuwagwira kuti asayambe. Apa m'pomveka chifukwa chake kuchoka kwa JH kumamasula zinthu zambiri nthawi imodzi.

Mavu ang'onoang'ono amene amaikira mazira mwa mbozi anaphunzira kusewera ndi dongosolo limeneli kale ife tisanalidziwe. Mavu a mtundu wa Chelonus amaikira m'dzira la gulugufe, ndipo mbozi yobadwa mmenemo imataya JH msinkhu umodzi nthawi isanakwane. Imayamba kupanga mapuloteni a msinkhu womaliza idakali yaing'ono, imaleka kudya, imaluka chikwa, ndipo mwana wa mavu amatuluka n'kudya zonse ali m'nyumba yomangidwa kale. Mavu ena, monga Campoletis sonorensis, amabaya mbozi pamodzi ndi vairasi amene amaletsa uthenga wa arylphorin kuwerengedwa, kuti ma-amino asidi atsale m'magazi mmene mwana wawo akusambira. Mavu a Chelonus amagwiranso ntchemberezandonda m'minda ya mu Africa muno, ndipo ndimamva chisoni ndikaona munda ukupoperedwa mankhwala opha chilichonse sabata ndi sabata, chifukwa anzathu amenewa amafera limodzi.

Pa funso lanu la mankhwala, yankho ndi inde, koma mahomoni awiriwa sapereka phindu lofanana kwa mlimi wa chimanga. Mankhwala otsanzira JH, monga methoprene, pyriproxyfen ndi fenoxycarb, amasunga mbozi pa ubwana. Pa udzudzu zimenezi n'zabwino, chifukwa woluma ndi wamkulu. Pa ntchemberezandonda wowononga ndi mwana, ndipo kumutalikitsira msinkhu womaliza ndi kumupatsa masiku ena odyera. Alimi a silika ku Japan anagwiritsapo ntchito methoprene mwadala kuti mbozi zidye nthawi yaitali ndi kuluka zikwa zazikulu, ndipo kumpoto kwa Italy fenoxycarb wouluka kuchokera m'minda ya zipatso anachititsa mbozi za silika kulephera kuluka n'komwe. Mankhwala otsanzira 20E ndi amene amathandiza pa mbozi za m'munda. Keith Wing wa kampani ya Rohm and Haas anafotokoza oyamba mu 1988, ndipo kuchokera mmenemo munabadwa tebufenozide ndi methoxyfenozide. Amagwira EcR n'kusaichokanso. Mbozi imaleka kudya m'maola ochepa, imayamba kufundula isanakonzeke, chigoba chakale cha mutu chimatsekereza pakamwa, ndipo imafa ili pakati pa makungu awiri. Nimu nayenso amagwira chapomwepa, chifukwa azadirachtin wa m'nthanga zake amasokoneza kutuluka kwa PTTH ndi ecdysone, kuwonjezera pa kuipitsa tsamba kuti mbozi isalifune. Koma mankhwala alionse amagwira bwino pa mbozi zazing'ono, zisanalowe mkati mwa mtima wa chimanga. Mbozi imene yadzaza kale magazi ake ndi hexamerin yatha kale kudya munda wanu.

Anthu otola mbozi zodyedwa amadziwa mbali ina ya nkhaniyi popanda labotale. Mbozi imene yatsika yokha mumtengo kufuna dothi imakhala itakhuthula matumbo, siifuna kufinya kwambiri, ndipo ndi yonona. Kafunde kakang'ono ka 20E kaja kadutsa kale mwa iyo, ndipo ili pa nthawi yotuta. Imeneyonso ndi mbozi imene ikanakhala mayi wa mazira a chaka chamawa, n'chifukwa chake kukumba mapupa m'dothi kumatha mbozi m'nkhalango.

Mwana wanu uja angathe kuona zambiri mwa izi ndi maso ake. Tolani ntchemberezandonda zazikulu zokwana 30, iliyonse m'botolo lake chifukwa zimadyana, ndipo muzizipatsa masamba anthete a chimanga. Ng'ambani imodzi imene yangofundula kumene kulowa msinkhu womaliza, ndi ina imene yaleka kudya n'kuyamba kufupika, muziike m'madzi amchere pang'ono, ana ayerekeze chiwalo cha mafuta: mwa yoyamba n'chopyapyala choonekera, mwa yachiwiri n'chochindikala chodzaza mimba yonse. Dulani kamwendo kamodzi ka pamimba, dontho la magazi ligwere pa galasi, ndipo pakapita mphindi zingapo lidzada lokha chifukwa enzayimu ya m'magazimo ikugwira tyrosine pamaso pa mpweya, ntchito yapachibale ndi imene imadetsa khungu la pupa. Madontho a mbozi zingapo osungunulidwa m'madzi pang'ono mukhoza kuwayesa ndi Biuret amene mumayesera mapuloteni m'zakudya.

Zotsalazo muchite nazo zimene Kopeć ndi Fukuda anachita. Tengani ulusi wosokera, mangani mbozi mwamphamvu kuseri kwa miyendo 6 yakutsogolo kuti magazi a pachifuwa asadutse kupita kumimba. Zina muzimange tsiku limene zangoleka kudya, zina tsiku lotsatira, zina zitafupika kale n'kugona chopindika, ndipo mulembe tsiku ndi ola pa botolo lililonse. Zambiri zidzafa, choncho yambani ndi zochuluka. Mwa zimene zamangidwa msanga, mimba idzakhalabe ya mbozi kwa masiku ambiri chifukwa funde lalikulu la 20E silinaifikire. Mwa zomangidwa mochedwa, mimba idzauma n'kufiira ngati ya pupa ngakhale ulusi uli pomwepo, pakuti homoni inadutsa ulusiwo usanamangidwe. Ana akasanja mabotolowo motsatira maola, adzaloza okha nthawi imene tiziwalo ta pachifuwa tinatulutsa homoniyo.